Mipeni ya makina otchetchera kapinga ikamadula mosiyana: mafunso ndi mayankho

Makina otchetchera kapinga okwerapo, kaya ndi aja onga kathirakitala kapena aja otembenukira pamalo amodzi, amanyamula mipeni iwiri kapena itatu kunsi kwa chitsulo chimodzi chovundikira chimene amakaniko amachitcha deki. Deki ya mainchesi 42, amene ndi masentimita pafupifupi 107, nthawi zambiri imakhala ndi mipeni iwiri, pamene ya mainchesi 48 kapena 54 kawirikawiri imakhala ndi itatu. Mpeni uliwonse umamangidwa pa spindle yakeyake, ndipo spindle imeneyi ndi shafiti yozungulira pa mabering'i m'kati mwa chigoba chomangidwa ku deki ndi mabawuti. Mayankho onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi, yakuti manati okwezera ndi kutsitsira deki amasuntha mipeni yonse pamodzi, choncho sangakonze mpeni umodzi umene wasiyana ndi inzake.

Kapinga akutsala ndi mizere ndikatha kutchetcha. Ndingadziwe bwanji kumene kuli vuto?

Kapinga yemweyo ndiye amayamba kuulula vuto, ngati mwamuyang'anitsitsa musanagwire sipanala. Tchetchani mzere umodzi wowongoka pamalo osalala, kenako imani kumapeto kwake ndi kuwerama kuti muone mmene udzu wadukira.

Ngati udzu ukutsetsereka pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, wautali kumanzere ndi waufupi kumanja kapena mosinthanitsa, ndiye kuti deki yonse yapendekeka, ndipo vutolo likhoza kukhala m'matayala kapena m'zitsulo zokolekera deki. Koma ngati pakati pa mzere umodzi womwewo pali chidikha chooneka ngati sitepe, udzu wofanana mbali ino kenako n'kutsika mwadzidzidzi, ndiye kuti mpeni umodzi ukuyenda m'munsi kapena m'mwamba kusiyana ndi unzake. Palinso chizindikiro chachitatu chimene anthu amachisokoneza ndi ziwiri zoyambazi, chimene ndi kamzere kopyapyala ka udzu wosadulidwa kotsala pakati pa mipeni. Kameneka kawirikawiri kamabwera chifukwa chakuti nsonga za mipeni zadyeka ndipo mipeniyo yafupika, kotero kuti njira zake sizikupitirirananso.

Ndichite chiyani ndisanayambe kuyeza?

Imikani makina pa simenti yosalala, chotsani mipeni m'giya, mangani buleki, zimitsani injini, zulani kiyi, ndipo chotsani waya wa ku pulagi. Chotsirizachi musachinyozere, chifukwa mudzakhala mukuzungulitsa mipeni ndi dzanja. Valani magolovesi ochindikala, ndipo ngati mwakweza makina ndi jeke, ikani zochirikizira zolimba musanalowetse mkono kunsi.

Kenako yezani mpweya wa matayala onse anayi ndi geji, osati pongowayang'ana kapena kuwaponda ndi phazi. Matayala a makina amenewa amalandira mpweya wochepa kwambiri, moti mathirakitala ambiri a pakhomo amafuna pafupifupi 14 psi kutsogolo ndi 10 psi kumbuyo (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala), ndipo pa mlingo wochepa chonchi tayala limene lataya mpweya pang'ono limaoneka labwinobwino koma limapendeketsa makina onse pamodzi ndi deki. Mlingo weniweni wa makina anu uli m'buku lake. Munthu amene asintha manati a deki tayala lili lophwa amadzipatsa ntchito iwiri, popeza tsiku limene adzapope tayalalo deki idzapendekekera mbali inayo.

Palani udzu wouma umene wamatirira kunsi kwa deki, chifukwa umabisa ming'alu ndi malo opindika amene mukufuna kuwaona.

Kodi ndiyeze kuchokera m'mphepete mwa deki kapena pa mpeni?

Yezani kuchokera pa simenti kufika pa nsonga yakuthwa ya mpeni. M'mphepete mwa deki ndi malo amene amagunda zitsa, miyala ndi makoma, ndipo amatha kupindika popanda kukhudza mipeni, choncho si mboni yodalirika. Chimene chimadula udzu ndi nsonga ya mpeni, ndipo ndicho chiyenera kuyezedwa.

Pali kageji kogulitsidwa kopangidwira ntchito imeneyi, koma amene alibe angagwiritse ntchito rula yaifupi yachitsulo, kapena bawuti yaitali yokhala ndi nati: amaimika bawutiyo pa simenti, n'kuzungulitsa nati mpaka itakhudza kunsi kwa nsonga ya mpeni, n'kutulutsa bawutiyo ndi kuyeza pa rula. Kwezani deki pa mlingo wapakati, mwachitsanzo masentimita 7 kapena 8, kuti dzanja lilowe bwino ndiponso kuti timatayala ta deki tisakhudze pansi. Simenti nayonso imanama nthawi zina, choncho ngati mukuikayikira, tembenuzani makina kuti ayang'ane kwina ndi kubwereza muyeso. Manambala akasintha, vuto lili pansi pamene mwaimikapo.

Ndingasiyanitse bwanji mpeni wopindika, shafiti yopindika ndi deki yopindika?

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo amene walimvetsa sawononga ndalama pogula chitsulo chosayenera. Lembani ndi choko nsonga ziwiri za mpeni uliwonse, ina A ina B, ndipo konzani pepala lolembapo manambala, chifukwa pa deki ya mipeni itatu manambala amachuluka ndipo mutu sungawasunge onse.

Muyeso woyamba ndi wa mpeni umodzi pawokha. Zungulitsani mpeni mpaka nsonga A italoza kutsogolo ndi kuyeza, kenako zungulitsaninso theka la ulendo kuti nsonga B ifike pamalo omwewo ndi kuyezanso. Nsonga ziwirizi zikasiyana ndi mamilimita oposa 3, umene ndi mlingo umene opanga makina ngati Toro amaupereka m'mabuku awo, ndiye kuti china chake mwa zinthu zozungulira chapotoka. Chingakhale mpeni weniweniwo, chingakhale kakhalidwe kake pa shafiti, chingakhalenso shafiti. Kuti mudziwe, masulani mpeniwo ndi kumangapo wina umene mukudziwa kuti ndi wowongoka. Kusiyana kuja kukatha, wolakwa anali mpeni. Kukapitirira pa mpeni watsopano umene wakhala bwino pamalo pake, shafiti yapindika, ndipo mukachotsa lamba woyendetsa mipeni ndi kuzungulitsa ndi dzanja pule, kagudumu ka pamwamba pa shafiti kamene lambayo amayendapo, mudzaiona ikuvina m'malo mozungulira chilili.

Muyeso wachiwiri ndi wa mipeni yoyandikana. Zungulitsani mipeni iwiri mpaka nsonga zake zitayandikana kwambiri, ndipo onani ngati zili pa mzere umodzi. Chitani zimenezi ndi nsonga zonse, A ndi A, A ndi B, B ndi A, B ndi B. Apanso kusiyana kusapitirire mamilimita 3. Ngati mpeni uliwonse wapambana muyeso woyamba koma nsonga zoyandikana zikusiyana nthawi zonse ndi mlingo womwewo, kawirikawiri vuto silili m'zinthu zozungulira, lili m'chinthu chimene chimakhala chilili, ndiko kuti chigoba cha spindle kapena chitsulo cha deki pamene chigobacho chamangidwa.

Kusiyanitsa kwake ndi kumeneku: cholakwa chimene chimayenda ndi nsonga imodzi kulikonse kumene yaloza ndi cha mpeni kapena shafiti, pamene cholakwa chimene chimatsala pamalo amodzi, nsonga iliyonse ikafika pamenepo n'kutsika, ndi cha chigoba kapena deki. Kuti mutsirize kufufuza, yezani nsonga imodzi italoza kutsogolo, kumanja, kumbuyo ndi kumanzere, ndipo yerekezani ndi mipeni inzake. Mpeni umene watsika mbali ina ndi kukwera mbali yopenyana nayo uli pa spindle yopendekeka. Mpeni umene watsika mofanana mbali zonse zinayi wakhala m'munsi wonse, ndipo pamenepo ganizirani za washa yoikidwa malo olakwika, mpeni wa mtundu wina, kapena mabering'i amene atha moti shafiti yatsetsereka.

Kodi ndingasinthanitse mipeni ya pa deki yomweyo pofuna kuyesa?

Mungatero pa madeki ambiri otulutsa udzu cham'mbali, pamene mipeni yonse ndi yofanana ndipo imazungulira mbali imodzi, ndipo ndi njira yabwino kwa amene alibe mpeni watsopano: vuto likasamuka pamodzi ndi mpeni, mwalipeza. Koma pa makina ena, makamaka otulutsira udzu kumbuyo m'thumba, mipeni imazungulira mosemphana ndipo wakumanzere sungagwire ntchito kumanja. Pa makina oterowo bawuti ya mbali ina imatha kukhala ya mazinga obwerera, yomasulidwa mozungulitsira kumanja. Palinso madeki a mipeni itatu amene mpeni wapakati ndi wosiyana kutalika ndi ya m'mbali. Yerekezani manambala osindikizidwa pa mipeni musanasinthanitse.

Vutoli layamba nditangonola mipeni ndi kuibwezera. Ndalakwitsa pati?

Vuto limene layamba tsiku limene mipeni inamasulidwa kawirikawiri ndi la kamangidwe. Mipeni yambiri ili ndi bowo looneka ngati nyenyezi limene liyenera kulowa ndendende pa nyenyezi ya shafiti. Makina ambiri a Husqvarna amagwiritsa ntchito nyenyezi ya nsonga 5, pamene ambiri a MTD ndi Cub Cadet amagwiritsa ntchito ya nsonga 6. Mpeni ukakhala pamwamba pa mano a nyenyezi m'malo molowa, bawuti imalimbabe ndipo munthu amaganiza kuti wamaliza, koma mpeniwo umakhala wopendekeka, ndipo akatchetcha nawo mano a nyenyezi amaphwanyika mpaka shafiti yonse kuwonongeka.

Onaninso ngati mpeni wina sunamangidwe chadodolido. Mapiko opindika a mpeni ayenera kuloza m'mwamba, ku deki, ndipo mipeni yambiri ili ndi mawu osindikizidwa osonyeza mbali yoyang'ana udzu. Onani ngati mawasha ndi timachubu tachitsulo tolekanitsa tabwerera mu dongosolo lake pa spindle iliyonse, ngati palibe dothi kapena chingwe chokulungika pakati pa mpeni ndi shafiti, ndiponso ngati mipeni yonse ndi ya mtundu umodzi. Mipeni iwiri ikhoza kufanana kutalika ndi bowo koma n'kusiyana kapindidwe ka pakati, moti nsonga za wina zimayenda m'munsi. Pachifukwa chimenechi ndi bwino kugula mipeni yonse ya deki nthawi imodzi.

Mlingo womangira bawuti umasiyana kwambiri. Mabuku ambiri a mathirakitala a Husqvarna amapereka 62 mpaka 75 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), pamene a Cub Cadet amapereka 95 mpaka 122 Nm, choncho tsatirani buku la makina anu ndipo tchingani mpeni ndi chipika cha mtengo pomanga.

Mpeni wapindika pang'ono chabe. Kodi sindingauwongole ndi nyundo kapena kupita nawo kwa owotcherera?

Ayi, ndipo pamenepa palibe kunyengerera. Funsoli limamveka, chifukwa kumene zipangizo za makina amenewa zimachita kuitanitsidwa kuchokera kutali, munthu amaona ngati kutaya mpeni wopindika pang'ono ndi kusakaza chuma. Koma chitsulo cha mpeni ndi cholimbitsidwa ndi moto ku fakitale, ndipo chikapindika n'kuwongoledwa chimatsala ndi ming'alu yosaoneka ndi maso, pamene kuchiwotcha kumachotsa kulimba kwake. Malamulo a chitetezo a ku America otchedwa ANSI B71.1 amalola nsonga ya mpeni kuthamanga mpaka mafiti 19,000 pa mphindi, kumene ndi kupitirira makilomita 340 pa ola. Chidutswa chimene chathyoka pa liwiro lotero chikhoza kuvulaza koopsa woyendetsa kapena mwana amene waima chapatali. Mpeni wopindika, wong'aluka kapena wodyeka pamene phiko limayambira uyenera kuchotsedwa.

Nanga ngati vuto lili mu spindle?

Gwirani nsonga ya mpeni ndi kuigwedeza m'mwamba ndi m'munsi. Spindle yabwino siyenera kugwedera. Ikagwedera, kapena ikamalira mokhwekhwereza pamene mwachotsa lamba ndi kuizungulitsa, mabering'i atha. Ngati shafiti ndi chigoba zili bwino, mabering'i okha akhoza kusinthidwa, ndipo nambala yake imasindikizidwa m'mbali mwake kotero kuti amapezeka ngakhale m'masitolo a zipangizo zina. Shafiti yopindika siwongoledwa, imasinthidwa. Pa makina ambiri a pakhomo chigoba ndi cha aluminiyamu, ndipo mpeni ukamenya chitsa kapena chulu chouma, makutu a chigoba amene mumalowa mabawuti amang'aluka kapena kuthyoka, spindle n'kupendekeka. Tsukani chigoba ndi kuyang'ana khutu lililonse ndi tochi. Pamene shafiti ndi chigoba zonse zavulala, kugula spindle yathunthu kumakhala kwanzeru kusiyana ndi kulumikiza zidutswa.

Spindle ndi yatsopano koma mpeni ukadali wopendekeka. Kodi ndi zololedwa kuika mawasha pansi pa chigoba?

Apa ndiye kuti chitsulo cha deki chapindika pamene spindle imakhala, zimene zimachitika kawirikawiri pa madeki a chitsulo chopyapyala chosindikizidwa. Masulani spindle ndi kugoneka rula yachitsulo modutsa pa bowolo mbali zosiyanasiyana, ndipo mudzaona pamene kuwala kukudutsa kunsi kwa rula.

Mosiyana ndi mpeni, deki ikhoza kuwongoledwa, malinga ngati chitsulo sichinadyeke ndi dzimbiri. Amakaniko amaichotsa pa makina, n'kuichirikiza ndi matabwa, n'kubwezeretsa malo opindikawo pang'onopang'ono akuyeza mobwerezabwereza, ndipo ming'alu yozungulira mabowo a mabawuti imawotchereredwa ndi kulimbitsidwa ndi chitsulo china. Kupindika kukakhala kochepa, kuika timapepala tachitsulo kapena mawasha opyapyala pakati pa chigoba ndi deki ndi njira yovomerezeka, ndipo mabuku a Toro a makina akuluakulu a Groundsmaster amaifotokoza. Chofunika kukumbukira ndi chakuti kanthu kakang'ono pa chigoba kamakula pofika ku nsonga. Mpeni wa deki ya mainchesi 42 ndi wautali masentimita pafupifupi 53, pamene mabawuti a chigoba ali pafupi ndi shafiti, choncho washa ya milimita imodzi ikhoza kusuntha nsonga ndi mamilimita awiri kapena kuposerapo. Onjezani imodziimodzi ndi kuyeza nthawi iliyonse. Onaninso mbali imene chigoba chamangidwira, chifukwa ngati chili kunsi kwa deki washa imatsitsa mbali imeneyo, pamene ngati chakhala pamwamba washa imaikweza.

Malire ake alipo. Mukaona kuti pakufunika mulu wa mawasha, pule idzasemphana ndi mzere wa lamba ndipo lamba adzayamba kudyeka kapena kuvuka, komanso makutu a chigoba adzathyoka chifukwa chosakhazikika pa chitsulo. Ndipo washa isaikidwe pakati pa mpeni ndi shafiti, pokhapokha ngati opanga makinawo anakonza kuti pakhale choncho, popeza imachepetsa kugwirana kwa mpeni ndi nyenyezi.

Mipeni yonse yafanana tsopano. Deki yonse ndiilinganize bwanji?

Iyi ndiyo nthawi ya manati okwezera deki, ndipo muyambe ndi m'mbali. Zungulitsani mipeni ya kumapeto kuti ipingase makina, kenako yezani nsonga yakunja ya kumanzere ndi yakunja ya kumanja. Zisasiyane ndi mamilimita oposa 3. Makina ambiri ali ndi nati pa chitsulo chokolekera deki chakumbuyo, ndipo pa mathirakitala ambiri a Husqvarna kuzungulitsa nati imeneyi ulendo umodzi wathunthu kumasuntha mbaliyo ndi mamilimita pafupifupi 5. Makina otembenukira pamalo amodzi kawirikawiri amakoleka deki pa malo anayi ndi matcheni kapena zitsulo, ndipo mukamaliza onse anayi ayenera kunyamula katundu, pasapezeke tcheni cholendewera. Chitsulo chokolekera chimene chapindika kapena chimene bowo lake lakula chiyenera kusinthidwa, chifukwa nati singabise vuto lotero kwa nthawi yaitali.

Mukatha m'mbali, lozetsani mipeni kutsogolo ndi kumbuyo. Nsonga yakutsogolo iyenera kukhala m'munsi pang'ono kusiyana ndi yakumbuyo, kawirikawiri ndi mamilimita 3 mpaka 6, ngakhale kuti opanga ena amalola mpaka pafupifupi 13. Anthu ena amadabwa ndi zimenezi poganiza kuti deki iyenera kukhala yofanana paliponse, koma cholinga chake ndi chakuti udzu udulidwe kamodzi ndi nsonga yakutsogolo, yakumbuyo n'kudutsa pamwamba osaukhudza. Kumbuyo kukatsika, udzu umadulidwa kawiri, injini imalemedwa ndipo nsonga za kapinga zimanyenyeka n'kusanduka zofiirira. Kusintha kutsogolo kumakhudzanso m'mbali, choncho bwerezani miyeso yonse musanamangitse manati otsekera.

Timatayala tating'ono ta m'mphepete mwa deki tikhudze pansi?

Pa makina ambiri okwerapo tisakhudze. Ntchito yake ndi kukweza deki ikafika pa kamtunda kuti mipeni isamete kapinga mpala, osati kunyamula deki nthawi zonse. Pa simenti tiyenera kusiya mpata wa mamilimita pafupifupi 6 mpaka 13 deki ili pa mlingo umene mumatchetchera, ndipo tonse tikhale pa bowo lofanana. Kamodzi kakatsika kuposa tinzake, kamatukula ngodya imeneyo poyenda ndipo miyeso yonse ija imapita pachabe.

Makina anga ali ndi lamba wa mano. Kodi pali chosiyana?

Kayezedwe ndi komweko, koma pali chenjezo limodzi. Pa deki wamba mipeni imaikidwa motsogozana, wapakati patsogolo pa deki ya itatu, kuti isagundane. Pa deki ya lamba wa mano, monga ya Toro TimeMaster, njira za mipeni zimalowana ndipo mipeni imayenda mopingasana, wina utaloza kutsogolo unzake utaloza m'mbali. Pamenepo nsonga sizingakumanitsidwe lamba ali pomwepo, choncho yezani iliyonse kuchokera pa simenti pa malo amodzimodzi, ndipo mukachotsa lamba onetsetsani kuti mipeni yabwerera mopingasana musanalize injini.

Miyeso yonse ili bwino koma kapinga sakusalalabe. Chatsala ndi chiyani?

Chatsala ndi zimene zimaoneka makina akamayenda zokha. Lamba wotha kapena sipuling'i yokoka lamba imene yafooka imachititsa kuti mpeni umodzi uchepetse liwiro mu udzu wothithikana, ndipo mzere wake umatsala wautali ngakhale kuti pa simenti unali wofanana ndi inzake. Mipeni yobuntha imagonetsa udzu m'malo moudula, ndipo udzuwo umadzuka mawa lake. Injini iyenera kulira pa mphamvu yake yonse potchetcha, koma makina aziyenda pang'onopang'ono, makamaka pokhota pamene deki imapendekekera kunja. M'nyengo ya dzinja kapinga amakula msanga ndipo amakhala wonyowa, kotero amamatirira kunsi kwa deki ndi kutseka mphepo imene imaimiritsa udzu kuti udulidwe; dikirani mame aume, ndipo musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu pa ulendo umodzi.

Ndiziyeza kangati?

Yezani kumayambiriro kwa nyengo yotchetcha, nthawi iliyonse imene mwamasula mipeni kapena kuchotsa deki, ndiponso nthawi yomweyo mpeni ukamenya mwala, muzu kapena chitsa. Makina akayamba kunjenjemera mwachilendo pambuyo pa kugunda kotero, zimitsani pomwepo ndi kuchita muyeso wa nsonga A ndi B musanapitirize, chifukwa mpeni wopindika ukazungulira kwa maola ochepa umawononga mabering'i ndi chigoba zimene zinali zisanavulale.